Mabwinja a Mfumu Ndayambandine

Kupitirira pomwe basi imathera mafuta, kuseri kwa mapiri amene inu simunawaonepo, kuli ufumu wotchedwa Tidzamanga. Musavutike kuufuna pa mapu. Mapu ake akanakhalapo, koma mpaka lero angoyika mwala wa maziko a ofesi yojambuliramo.

Mwini dzikolo ndi Mfumu Ndayambandine, munthu wa mimba yabwino ndi mtima wachangu. Ntchito yake yaikulu, imene amaigwira mpaka thukuta kamukamu, ndi kuyika miyala ya maziko. Abale inu, munthu uja amayika miyala! M'mawa mwala wa chipatala, masana mwala wa mlatho, ndipo pobwerera kunyumba akaona malo okongola m'mbali mwa msewu amaimitsa galimoto n'kuyikapo wina, zoti pamangidwa chiyani nduna zikaganiza mawa. Amayi amavina, nthungululu zimalira, wayilesi imaulutsa, kenako aliyense amabwerera kwawo. Pamalopo pamatsala mwala ndi mbuzi.

Lamulo lalikulu la dzikolo limati mfumu sichita chinthu kachiwiri, chilichonse imachichita koyamba. N'chifukwa chake chaka chilichonse kumeneko chimatchedwa Chaka Choyamba. Tsono mfumu ikati ibwere pamalo pomwe inayikapo kale mwala, antchito a boma amafika dzulo lake ndi mawilibala a dothi n'kukwirira wakalewo bwinobwino, kuti maso a mfumu asakhumudwe. Watsopano umakhala pamwamba pake. Mugwire pamenepo, tipafuna kutsogoloku.

Ku likulu la dzikolo, mzinda wa Posachedwapa, kuli Yunivesite ya Tidziwazonse. Imeneyi inamangidwa mfumu isanabadwe, nkhani yomwe sitchulidwa pagulu. M'kachipinda ka kumapeto, pafupi ndi zimbudzi, munkakhala Dokotala Zakeyu Mtsiliza, mphunzitsi wa mbiri yamakedzana, bambo wowonda wa magalasi omanga ndi ulusi. Chigiriki ankachidziwa, Chilatini ankachilota, koma ophunzira ake anali awiri okha, ndipo mmodzi ankangobwera chifukwa m'chipindamo munali kozizira bwino pogona masana.

Akuluakulu a yunivesite atatopa nawo anati, "A Dokotala, poti ana sakubwera kwa inu, pitani inu kwa ana. Kathandizeni aphunzitsi a m'masukulu kuphunzitsa zakale zanuzo." Ntchitoyo anaipatsa dzina lalikulu, Kale Lifike Kumudzi. Anawapatsa njinga yamoto yotsokomola ndi bokosi limodzi, n'kuwatsanzika mwachangu chokayikitsa.

Sukulu yoyamba inali ya Dikirani. Ndikuti sukulu poti ndi momwe boma limaitchulira, koma kunena zoona unali mtengo wa mango wokhomedwa bolodi. Ahedi ake anali Mayi Esinati Kamdambo, mayi wamfupi wa mawu omveka kutsidya kwa dambo, amene anaphunzitsa pansi pa mtengowo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mvula ikangoti waa, choko chinkasungunuka pabolodi, makope ankasanduka phala, ana balalabalala kumakwawo. Kumapeto kwa teremu imeneyo mayiwo ankapuma pantchito, ndipo mumtima mwawo munatsala chinthu chimodzi chokha: kuphunzitsako tsiku limodzi mvula ikugwa, ana awo ali ouma. Mvula inali itatsala milungu isanu ndi umodzi.

"Takulandirani, a Dokotala," anatero ahedi, maso ali pabokosi. "Mmenemo muli misomali ya malata?"

"Ayi, amayi. Muli Agiriki ndi Aroma."

"Amakhoma denga?"

"Anamwalira, amayi. Papita zaka zikwi ziwiri."

"Aaa, pepani kwambiri," anatero ahedi. "Uthenga wa maliro sunafike kuno."

Koma phunziro lija linakoma, ndisaname. A Dokotala anatulutsa mapu, mutu wa chiboliboli wopanda mphuno, ndi nsalu zoyera zoyala pabedi. Anawaveka ana nsaluzo paphewa limodzi ngati Aroma, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linadzaza akuluakulu a ku Roma opanda nsapato, akuyenda monyang'wa, akulonjerana m'Chilatini chopindika. Munthu amene zaka zonse ankalankhula ndi mipando yopanda anthu, lero ana zana akumufunsa mafunso! Mutu unawazungulira ndi chimwemwe, pakamwa panamasuka. Mpaka anawauza za mzinda wa Atene, kumene anthu akatopa ndi mtsogoleri ankalemba dzina lake pa phale, ndipo mapale akachuluka mtsogoleriyo ankanyamula katundu.

Pomaliza anaonetsa chithunzi cha mabwinja a nyumba yakale, miyala ili mbwee m'dzenje, alendo akujambula. Ana ankayang'ana miyala, koma ahedi ankayang'ana m'mwamba mwa chithunzicho.

"A Dokotala, denga lokongolali ndi la ndani?"

"Ndi la miyalayo, amayi. Boma la kumeneko linamanga kuti isanyowe."

"Miyala ya kumeneko imadwala chimfine?"

A Dokotala anaseka. Ahedi sanaseke, anangopempha kuti chithunzicho awasiyire.

Ana sasunga nkhani. Pofika Loweruka, ku msika wa Tsitsaniko kunali chipwirikiti pa benchi ya Nagama wogulitsa miphika. Miphika yathunthu palibe ankaifunsa, aliyense ankafuna mapale. Nagama, mayi wosachedwa kumva, anangokhala pansi n'kuyamba kuswa katundu wake ndi mwala.

"Mukalembapo dzina la ndani, achimwene?" anafunsa a Sandifolo, a kabaza, omwe anagula mapale atatu.

"Palibe, alongo. Ndikufuna okazingira chimanga."

"Atatu?"

"Chimangacho chandikwana kwambiri."

Lolemba a Dokotala anapezeka atagwada m'bwalo la mfumu. Mbali zonse kunakhala nduna makumi anayi, ndipo kutsogolo kwawo kunaima a Kansengwa, Nduna ya Kuwomba M'manja, Maphunziro ndi Zina Zotsala. Iwowa akakweza chala, bwalo lonse limawomba m'manja, akatsitsa limaleka.

"Ndamva za mapale," inatero mfumu.

"Mwinidziko, ameneyo anali mawu ongodutsa," anatero a Dokotala, manja akufufuza m'bokosi ngati munthu wofuna mankhwala. "Phunziro lenileni linali la ulemerero wa mafumu. Taonani, Mwinidziko." Anapereka chithunzi china cha mabwinja, cha zipilala zitalizitali zopanda denga.

Mfumu inachitembenuza uku ndi uku. "Anthu onsewa akujambula chiyani?"

"Ndi alendo, Mwinidziko. Amachokera kutali kudzaona mabwinja a mafumu akale, ndipo mayina a mafumuwo amaphunzitsidwa m'masukulu a dziko lonse lapansi."

"Amakwera ndege kudzaona nyumba zopanda denga?"

"Zimenezo nafenso tili nazo zambirimbi..." inayamba nduna ina yakumbuyo, koma anzake anaiponda phazi.

"Zimayenera kukhala zakale kwambiri, Mwinidziko," anafulumira a Dokotala, "zochita kufukula pansi."

Nkhope ya mfumu inada. Nsanje, abale, ndi matenda oipa. "Ndiye kuti Aroma ali ndi mabwinja, ine ndilibe? Anayamba ndani, iwo kapena ine?"

"Inu, Mwinidziko!" linayankha bwalo lonse, chala cha a Kansengwa chili m'mwamba.

Tsiku lomwelo wayilesi inaulutsa lamulo: ufumu wa Tidzamanga uli ndi mabwinja akale kuposa a Aroma, changotsala ndi kuwapeza. Dokotala Mtsiliza awapeze mwezi usanafe. Akalephera, nkhani ya mapale iyambiranso pomwe inalekera.

Anabwerera ku Dikirani atafota, njinga ikutsokomola, iwonso akutsokomola. Anakhala pa muzu wa mango n'kugwira mutu. "Amayi, ndatha ine. Mabwinja ndiwatenga kuti m'dziko lomwe simunamangidwepo chinthu choti n'kugwa?"

Ahedi anamvetsera nkhani yonse, maso akuwala pang'onopang'ono. Kenako anaimirira, anayenda mapazi khumi kuchoka pamtengo, n'kuponda pakachulu kena kosalala bwino. "Kumbani apa."

"Bwanji pamenepo?"

"Inu ndinu a mabuku, ine ndine wa pano. Kumbani."

Ntchito inayamba m'mawa mwake, ndipo inayenda mwaukatswiri wake. A Dokotala anakhoma zikhomo, anamanga zingwe, analetsa makasu akuluakulu. Dothi linkapalidwa pang'onopang'ono, kusefedwa ndi sefa wa ufa, n'kupukutidwa ndi miswachi yakutha imene ana anabwera nayo. Makolo anaima mozungulira akugwedeza mitu, ati sukulu yafika potsuka mano a nthaka.

Asanafike ndi mkono umodzi womwe, kunamveka kuti gwe! Anapukuta, ndipo zilembo zinaoneka: MWALA UWU WAYIKIDWA NDI MFUMU NDAYAMBANDINE, KOYAMBA, M'CHAKA CHOYAMBA. PANO PADZAKHALA CHIPINDA CHOPHUNZIRIRAMO.

Ana anakuwa ndi chimwemwe. A Dokotala analeka kupukuta.

"Pitirizani," anatero ahedi. "Uwu ndi wa dzana dzanali."

Pansi pake panali dothi, pansi pa dothi mwala wina, mawu ake omwewo. Pansi pa umenewo winanso. Ana anayamba kuimba powerenga, ndipo ahedi ankaulonjera mwala uliwonse ngati m'bale wobwera kuchokera ku Joni. "Uwu tinauvinira mpaka nsapato yanga kuduka. Uwu unabwera chaka cha ntchemberezandonda. Uwu anatiphera ng'ombe, koma inadyedwa ndi nduna. Aaa, uwu! Uwu ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, amene pano ali ndi ana akeake." Pofika tsiku lachinayi dzenje linali lofika m'khosi, ndipo m'mbali mwake munali miyala isanu ndi iwiri yosanjikizana, uliwonse ukulumbira kuti ndi woyamba.

A Dokotala anawakokera ahedi pambali. "Amayi, awa si mabwinja. Uwu ndi mlandu. Tikwirire msanga!"

"Munatiphunzitsa nokha kuti bwinja ndi malo pomwe panali chinthu koma pano palibe. Apa panali chipinda kasanu ndi kawiri. Mukuchiona?"

"Koma andifunsa zaka zake! Ine sindinanamepo pa ntchito yanga."

"Ndani wati muname? Inu mukangonena zimene mumanena m'kalasi. Kunamako kuli ndi eni ake, amalandirira malipiro."

Mfumu inafika Lachisanu ndi magalimoto makumi awiri, kudzaona Dikirani koyamba monga mwa nthawi zonse. Inasuzumira m'dzenje, inawerenga mwala wapamwamba, wachiwiri, wachitatu, milomo ikugwedera. Ngakhale mbuzi zinaleka kutafuna. Koma amene thukuta linkayenderera kwambiri anali a Kansengwa, poti mawilibala onse a dothi lija, zaka zonsezo, ankawatumiza ndi iwo.

"Dzina langa likutani pansi apo?" inafunsa mfumu.

"Mwinidziko," anatero a Dokotala ndi mawu a munthu wodwala malungo, "lamulo la ntchito yathu limati chimene chili pansi ndi chakale kuposa chimene chili pamwamba."

"Aroma aja mumawapeza pansi bwanji?"

"Malo ena m'chiuno, Mwinidziko."

"Nanga ine?"

"M'khosi, Mwinidziko."

A Kansengwa anaona khomo lotulukira ndipo analidumphira ndi miyendo yonse. "Zaka zikwi zitatu!" anakuwa. "Mwamva nonse! Aroma m'chiuno, Mwinidziko m'khosi! Aroma asanaphunzire kuvala nsalu, Mwinidziko anali atayamba kale kuganizira ana a ku Dikirani!" Chala chinakwera, ndipo m'manja munalira mpaka mango anagwa mumtengo.

Mfumu inatulutsa kansalu n'kupukuta misozi. Miyala imene inayika pa moyo wake inali yambiri zedi moti sinkakumbukako ndi umodzi womwe. "Ndimadziwa kuti ndinayamba kale," inatero, "koma sindimadziwa kuti ndi kale chonchi."

Apo ndi pomwe Mayi Kamdambo anakwawa ndi mawondo, chithunzi chija chili m'manja. "Zikomo, Mwinidziko. Ine ndine mayi wosadziwa kanthu, koma chinthu chimodzi chikundiwawa. Taonani miyala ya Aroma, ili pansi pa denga. Yanuyi, yakale kuposa yawo, mvula ikubwerayi iikwapule ngati miyala wamba? Alendo akadzaona adzati chiyani?"

Mfumu inayang'ana chithunzi, inayang'ana kumwamba komwe mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo inapsa mtima zenizeni. "Miyala yanga inyowe? Denga! Ndikufuna denga kuposa ili kawiri! La malata atsopano, ndi makoma oteteza mphepo!"

Mtima wa ahedi unadumpha ngati mwana wa ng'ombe. Koma chimwemwe chawo sichinakhalitse, poti a Kansengwa anali atakweza kale mawu. "Choncho Lachisanu likudzali, Mwinidziko adzabwera kudzayika mwala wa maziko a dengali!"

Kalanga ine! Ahedi anangoti khuma pomwe anagwadapo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zinawaphunzitsa chinthu chimodzi: pomwe pagwa mwala wa maziko, msomali sufikapo. Anatembenuka n'kuyang'ana a Dokotala.

Ndipo bambo wamantha uja, amene ankaopa ngakhale mlembi wa ku ofesi kwawo, anakonza magalasi ake a ulusi n'kuimirira. "Pepani, Mwinidziko, zimenezo sizitheka."

Nduna makumi anayi zinapuma kamodzi. Mawu amenewo anali asanamvekepo m'dzikomo.

"Pamalo a mabwinja sipayikidwa mwala watsopano," anapitiriza, mawu akulimba. "Ndi lamulo la ntchito yathu kulikonse. Mukayikapo wachisanu ndi chitatu, akatswiri akunja adzati enawanso munayika dzulo."

"Dzulo?" inakalipa mfumu. "Miyala ya zaka zikwi zitatu? A Kansengwa, mukufuna kundichotsera zaka? Pasapezeke woyika mwala pano, ngakhale wa gulaye!"

Amisiri a boma anafika m'mawa mwake ndi malata, matabwa ndi njerwa, n'kukhala pansi kudikira mwambo. Ambiri a iwo anamera imvi pantchito osakhomapo msomali. Anadikira tsiku loyamba, amayi ovina osabwera. Lachiwiri, wayilesi osabwera. Lachitatu mmodzi anatola hamala chifukwa chosowa chochita, anakhoma msomali umodzi, n'kuona kuti zikukoma. Anzake anamulanda hamalayo kuti alaweko. Pakutha pa masiku asanu ndi anayi chinyumba chinaima chathunthu, malata akuchita kuthobwa m'maso, ndipo kapitawo wawo anakhala pansi n'kulira ngati wafedwa.

Msika wonse wa Tsitsaniko unakhamukira komweko kukaona chinthu chomalizidwa. Anthu sankadziwa kuti pamaso pa chinthu chotere munthu amatani, ena anavula zipewa, ena anagwada.

"Ati mfumu yathu yalamulira zaka zikwi zitatu," anatero Nagama.

"Zitatu zokha?" anayankha a Sandifolo akusisita msana. "Mmene ndikumveramu ndimayesa zinayi."

"Mapale aja munakazingira?"

"Ndasunga, alongo. Phale siliwola."

Koma boma ndi boma. Pakhomo anakhomapo chikwangwani, n'kuimikapo msilikali wa ndevu zake: NYUMBA INO NDI YA MIYALA YA MFUMU. OLOWA NDI OKHAWO OPHUNZIRA MBIRI YAKALE. Ana a ku Dikirani anabwerera pansi pa mango, akuyang'ana denga lija ngati nyama ya alendo.

A Dokotala anapempha pepala ndi cholembera. Anakhala pa muzu paja, lilime lili panja, n'kulemba ndandanda watsopano wa maphunziro, n'kudindapo chidindo cha yunivesite kawiri kuti chiopse. M'mawa masamu a Agiriki. Kenako ulimi wa Aiguputo, womwe mwamwayi umafanana kwambiri ndi wa chimanga. Chichewa cha makolo akalekale. Sayansi ya Aroma. Ngakhale nthawi yopuma inalembedwa kuti kupuma kwa anthu amakedzana. Msilikali anawerenga pepalalo mozondotsa, anaona zidindo ziwiri, n'kuchitira sawasha. Bolodi linazulidwa pamtengo, ndipo ana zana analowa n'kukhala mozungulira dzenje, nsalu zili paphewa.

Mvula inabwera Lachitatu la mlungu womaliza wa Mayi Kamdambo, cha m'ma teni koloko. Inayamba ndi kamphepo konunkhira dothi, ndipo ana, mwachizolowezi, anayamba kulonga makope m'malaya kuti athawe.

"Khalani pansi!" anakuwa ahedi. "Mukupita kuti?"

Kenako inakhuthuka. Chimene mayiwo sankadziwa, poti anali asanaimepo m'kalasi ya malata, n'chakuti mvula padenga imasokosa ngati ng'oma zana. Anatsegula pakamwa kuti aphunzitse, mawu awo omveka kutsidya kwa dambo aja osamveka ndi pamzere woyamba pomwe. Anayesanso, osamveka. Ana anayamba kuseka, a Dokotala anaseka mpaka magalasi kugwera m'dzenje, ndipo ahedi nawo anaseka, anaseka, mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, misozi ili chuchuchu, manja atatambasula kuti aone ngati pali dontho lowagwera. Panalibe ndi limodzi lomwe.

Msilikali uja, atanyowa mbali imodzi, anasuzumira pakhomo n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, "Amayi! Phokosoli ndi phunziro lanji? Muno ndi mwa mbiri yakale yokha!"

Ahedi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anatola choko, chouma bwinobwino, n'kulemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti msilikaliyo awerenge ali pakhomo pomwepo:

MBIRI YAKALE. Kalekale, ana a ku Dikirani ankanyowa.

Ana zana anawerama n'kukopera m'makope awo, ndipo panja mvula inapitiriza kugwa.